Kodi dzanja lokomola lingabwere munthu atakula kale?

Funso labwera kuchokera kwa achimwene ena a ku Lizulu, akuti ali ndi zaka 28, nkhonya anayamba kalekale ndipo ma fayiti ambiri amawina koma pa mapointi pokhapokha, sanagwetsepo munthu mpaka refa kuwerenga kufika 10, moti anzawo ku jimu amawanena kuti ali ndi manja a thonje. Nde akufunsa kuti kodi mphamvu yokomolera munthu imachita kubadwa nayo basi, kapena alipo ankhonya amene anayamba opanda dzanja kenako nkudzabwera atakula, ndipo ngati alipo anatani, kapena iwowo angoyamba kunyamula zitsulo ndi zitini za simenti zija.

Achimwene, alipo, ndipo si mmodzi kapena awiri ayi. Koma ndiyambe ndi mbali yowawa kuti tisanamizane. Pali anthu amene dzanja anachita kubadwa nalo, monga George Foreman, Earnie Shavers, Deontay Wilder, amenewo olo akumenyeni pa phewa mumamva mpaka kumsana, ndipo palibe kochi padziko pano amene angakusandutseni Wilder ngati thupi lanu silinabwere choncho, mafupa, kutalika kwa mikono, mtundu wa minofu yokoka msanga ija, zimenezo ndi za kumtundu. Foreman anakomola Michael Moorer mu 1994 ali ndi zaka 45, raundi 10, atatsalira pa mapointi fayiti yonse, koma ameneyo sitingamuwerengere kuti dzanja linabwera mochedwa, anali nalo kuyambira ali mnyamata pomwe anagwetsa Joe Frazier ka 6 mu ma raundi awiri okha ku Kingston mu 1973, langokhala losachoka.

Nde gulu limenelo tilisiye. Gulu lanu ndi lina, ndipo ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Anyamata ambiri amene timawanena kuti alibe dzanja mphamvu amakhala ali nayo ndithu, kungoti siifika pa chibwano cha mnzawo, imatayikira mnjira, ina pa phazi lomwe layamba kale kuthawa nkhonya isanafike, ina mchiuno chosatembenuka, ina pa phewa lomangika chifukwa cha mantha. Ankhonya amene anadzayamba kukomola anthu atakula, mukakhala pansi nkuonera bwinobwino ma fayiti awo akale ndi atsopano pa YouTube, mupeza kuti chimene chinasintha kwambiri ndi mapazi, nthawi yoponyera, ndi cholinga chimene amalowa nacho mu ring'i. Minofu imabwera pambuyo pa zimenezi.

Thomas Hearns wa ku Detroit ndi amene makochi timakonda kuyambira. Ali amateur, asanayambe nkhonya zolipidwa, anamenya ma fayiti oposa 150 nkuwina pafupifupi onse, koma ma nokauti anali ochepa zedi, anali mnyamata wamtali masentimita 185, woonda, wothamangathamanga, jabu jabu (nkhonya yowongoka ya dzanja lakutsogolo ija) nkuchoka. Pomwe amalowa professional mu 1977 kochi wake Emanuel Steward wa ku Kronk Gym anamuphunzitsa kukhazikika pa miyendo ndi kuika thupi lonse pambuyo pa dzanja lamanja, kutembenuza chiuno ndi phewa limodzi nkulitambasula dzanjalo mpaka kumapeto. Ma fayiti ake 17 oyambirira onse anathera panjira, palibe anamva belu lomaliza. Mu 1980 anamaliza Pipino Cuevas raundi 2 nkutenga lamba wa bungwe la nkhonya la WBA wa welterweight, gulu la olemera mpaka makilo pafupifupi 67, mu 1984 anagwetsa Roberto Duran chafufumimba raundi 2, Duran amene aliyense ankadziwa kuti sagwa wamba. Ndipo miyendo inali yomwe ija yoondayo.

Apa pali chokukhudzani mwachindunji. Simunanene ngati ma fayiti anuwo ndi a amateur kapena ayi, koma ngati ndi a amateur musadziweruze msanga. Ma raundi ndi atatu okha a mphindi zitatu, magolovesi ndi olemerako, a ma ounce 10 kapena 12, ndipo masewero ake amazoloweza munthu kugunda nkuchoka kuti majaji aone. Ku professional a welterweight kutsika mmunsi kawirikawiri amavala opepukirako a ma ounce 8, mabandeji amamangidwa molimba, ma raundi amafika 8, 10, 12, nde umakhala ndi nthawi yomufoola mnzako mmimba kaye kenako nkumumaliza. Ma fayiti ambiri amene amathera panjira si a nkhonya imodzi ija timaionera pa foni, amathera pa munthu amene watopa kale, manja atsika, miyendo yakana.

Chitsanzo chimene ambiri munachionera ku vidiyo sho ndi Tyson Fury. Mu 2015 anamulanda malamba Wladimir Klitschko ku Düsseldorf osamugwetsa nkomwe, kuvinavina, kunamiza ndi mapewa, jabu apa ndi apo, ma raundi 12 nkutha. Mu Disembala 2018 fayiti yoyamba ndi Wilder anasewera chimodzimodzi chobwerera mmbuyo, anagwetsedwa raundi 9 ndi raundi 12 nkudzuka, majaji nkunena kuti afanana mphamvu. Asanakumanenso anasintha kochi nkupita kwa SugarHill Steward, mbale wake wa Emanuel Steward uja amene anakulira mu Kronk momwemo, ndipo ananena poyera kuti ulendo uno akukamukomola Wilder, anthu ambiri osakhulupirira. Pa sikelo anabwera ndi makilo pafupifupi 124 pomwe fayiti yoyamba anali ndi 116, koma musathamangire makilowo, kaoneni mapazi ake mu fayiti ya Febuluwale 2020. Belu litangolira anathamangira pakati pa ring'i nkuyamba kumuyendera Wilder chopita kutsogolo, jabu yake siinalinso yongokhudza, ankaiponya akuponda sitepe moti mutu wa Wilder umachita kubwerera mmbuyo, lamanja likubwera thupi lonse lili pambuyo pake, akagwirana amamutsamira ndi makilo onse aja kuti miyendo ifooke. Wilder anagwa raundi 3, anagwanso raundi 5 ndi nkhonya ya mthupi, raundi 7 a kukona kwake anaponya thaulo. Apo nkuti Fury ali ndi zaka 31. Mu 2021 anamukomola Wilder raundi 11, mu 2022 ku Wembley anamaliza Dillian Whyte ndi uppercut imodzi, nkhonya yochokera pansi ija, raundi 6.

Koma mtengo wake muuonenso, chifukwa anyamata ambiri amaona zabwino zokhazo. Mu fayiti yachitatu ija Fury anagwetsedwa kawiri mu raundi 4. Munthu ukaima kuti umenye molemera ndiye kuti waimanso pamalo pomwe mnzako angakupeze, palibe njira yozembera zimenezo. Inu pano mukuwina pa mapointi chifukwa simupezeka, nde tsiku limene muyambe kukhazikika dziwani kuti zina muzilandira, gadi yanu ndi kusuntha kwa mutu zikhale zokonzeka kaye.

Amene ndimamukonda ine pa nkhani imeneyi ndi Sergio Martinez wa ku Argentina. Nkhonya anayamba mochedwa, ali ndi zaka 20, poyamba anali wa mpira ndi njinga, ndipo zaka zambiri ankadziwika ngati munthu wa sipidi, manja ali pansi, kuzungulira ring'i yonse. Mu Disembala 2009 anamenyana ndi Paul Williams ma raundi 12 nkuluza pa mapointi. Anakumananso mu Novembala 2010 ku Atlantic City, Martinez ali ndi zaka 35. Onse awiri ndi amanzere. Raundi 2, Williams akubwera kutsogolo monga mwa chizolowezi chake, wayamba kuponya lamanzere lake, lamanja latsika, Martinez anaweramira kumbali nkuponya lamanzere lodutsa pamwamba, Williams sanalione nkomwe, anagwa chafufumimba maso ali chitsegulire osatchinjiriza olo ndi manja pogwapo. Williams ameneyu anali asanamalizidwepo ndi munthu aliyense chiyambire. Kaionereni kangapo, muiyendetse pang'onopang'ono, muona kuti nkhonyayo payokha si yodabwitsa kukula kwake, chodabwitsa ndi nthawi imene inafika.

Chimene chimakomola munthu ndi kugwedezeka kwa ubongo mkati mwa chigaza mutu ukapotoka mwadzidzidzi, nchifukwa chake nsonga ya chibwano ndi malo oopsa, ili patali ndi khosi nde ikagundidwa mutu wonse umatembenuka. Munthu akaiona nkhonya ikubwera amalimbitsa khosi, amaluma mano, amapita nayo limodzi pang'ono, olo ikhale yolemera amaipirira. Imene sanaione imapeza khosi lili lofewa. Kuonjezera apo ngati iyeyo akubwera kutsogolo, makilo ake omwe akuthandiza kuti nkhonyayo ilemere. Nde kuuona mpata umenewo, kudziwa kuti uyu akaponya chakuti dzanja lakuti limatsika, chimenecho mnyamata wa zaka 20 sakhala nacho, chimabwera ndi ma raundi ambirimbiri. Apa mpamene zaka 28 zanuzo zili kumbali yanu.

Juan Manuel Marquez ndi Manny Pacquiao anamenyana mu 2004, 2008 ndi 2011, ma raundi 36 onse pamodzi, Marquez osamugwetsapo Pacquiao olo kamodzi, pomwe Marquez yo anagwetsedwa katatu mu raundi yoyamba yeniyeni ya 2004. Pa 8 Disembala 2012 ku Las Vegas, Marquez ali ndi zaka 39, anamugwetsa Pacquiao raundi 3, iye nkugwetsedwanso raundi 5, mphuno itathyoka magazi ali chuchuchu, ndipo kutatsala sekondi imodzi kuti raundi 6 ithe Pacquiao ananamiza ndi jabu nkudumphira mkati mmene amachitira nthawi zonse, Marquez anasuntha mutu nkumulandira ndi lamanja lalifupi. Pacquiao anagona pansi osagwedezeka. Anthu analankhula zambiri za thupi la Marquez chifukwa anabwera atakula mapewa, nzoona anagwira ntchito yolimbitsa thupi kwambiri, ndipo atamuyeza za mankhwala fayiti itatha sanamupeze ndi kanthu. Mphamvu yoonjezerayo inathandiza, sindikukana, koma kadumphidwe ka Pacquiao kaja anali atakawerenga ma raundi oposa 40, ankadziwa pomwe chibwano chifikire.

Wakale kwambiri ndi Jersey Joe Walcott, ndipo nkhani yake ikufanana ndi moyo wathu kuno. Zaka zake zaunyamata anamenya nkhonya ali ndi njala, ana 6 pakhomo, masana maganyu, nthawi zina kulowa mu ring'i osatrena mokwanira chifukwa ndalama ikufunika kunyumba. Cha mma 1945 atapeza munthu womuthandiza kuti azidya bwino ndi kutrena osaganiza za ganyu mpamene anayamba kugonjetsa akuluakulu. Lamba wa heavyweight anamulephera kanayi, kawiri kwa Joe Louis, kawiri kwa Ezzard Charles, kachisanu mu Julayi 1951 ku Pittsburgh ali ndi zaka 37 anangoyenda kupita kwa Charles ngati palibe chikuchitika, nkulewa jabu, nkuponya huku (nkhonya yokhota yochokera mmbali) ya kumanzere imodzi raundi 7, basi lamba nkutenga. Nde achimwene ndikufunseni, inu mukamapita ku treningi mumakhala mutadya chani? Ndimawaona anyamata kuno ku Dedza, tsiku lonse wakhala akusenza matumba a mbatatesi kukweza mu lole, mmimba muli tiyi ndi bumi imodzi ya mmawa, madzulo akufuna amenye bagi molemera. Mphamvu yotulukira mwadzidzidzi ija ndi imene imayamba kuthawa thupi likatopa ndi njala. Sizifuna zodula ayi, nsima yokwanira, nyemba, soya, usipa, mtedza, dzira likapezeka, ndi tulo tokwanira.

Nkhani ya chakudya ikugwirizana ndi ya sikelo. Terence Crawford ali ku lightweight anawina Ricky Burns ku Glasgow mu 2014 pa mapointi, Ray Beltran pa mapointi, atakwera pang'ono Viktor Postol mu 2016 pa mapointi, ma nokauti anali nawo ndithu koma anthu ankamutama kwambiri chifukwa cha nzeru ndi kusintha kaimidwe, pena kumanja pena kumanzere. Atafika ku welterweight mu 2018 ali ndi zaka 30, ma fayiti 8 onse amene anamenya kumeneko anathera panjira, kuyambira Jeff Horn mpaka Errol Spence mu 2023, pakati apo Shawn Porter amene anali asanaimitsidwepo ndi munthu. Ine ndimaona kuti mbali ina thupi linasiya kufinyidwa kuti likwane sikelo, mbali ina anali atakhwima pa kumaliza munthu akangoona kuti wavulala. Ngati inu mumadzimana madzi ndi chakudya masiku angapo kuti mukwane makilo apansi, mwina dzanja lanu mumalisiya pa sikelo pomwepo, kambiranani ndi kochi wanu. Koma kukwera makilo si mankhwala a aliyense. Pacquiao atamaliza Miguel Cotto mu 2009 anakhala mpaka 2018 osawinanso ndi nokauti ndipo ambiri amene ankamenyana nawo anali akuluakulu kuposa iye. Bernard Hopkins nokauti yake yomaliza inali ya Oscar De La Hoya mu 2004, huku ya pachiwindi raundi 9, kenako anamenyabe nkhonya zaka zina 12 osamalizanso munthu. Crawford yemweyo atakweranso makilo, Israil Madrimov mu 2024 ndi Canelo Alvarez mu 2025 anawawina pa mapointi.

Kwathu konkuno chitsanzo chilipo, Anisha Basheel. Ma fayiti ake asanu oyambirira a professional analuza onse, ambiri akanasiyira pomwepo, koma atatembenuka anayamba kuwina ndipo ankawina ndi nokauti yokhayokha, mpaka mu 2018 anapita ku London nkukamaliza Sam Smith mu raundi yoyamba nkubwera ndi lamba wa Commonwealth wa lightweight. Munthu woluza kasanu motsatizana palibe akanamutchula kuti ali ndi dzanja, koma linalipo, limangodikira kuti mwiniwake azolowere ring'i. Mbali inayi kuli Isaac Chilemba wa ku Blantyre. Ma nokauti ake safika olo theka la ma fayiti amene anawina, koma anafanana mphamvu ndi Tony Bellew mu 2013, anapita ku Russia mu 2016 nkumaliza ma raundi 12 ndi Sergey Kovalev pa nthawi imene Kovalev ankakomola pafupifupi aliyense, mu 2018 ma raundi 12 ndi Dmitry Bivol. Ma fayiti awiri omalizawo analuza, koma anafika pamwamba penipeni pa light heavyweight ndi nzeru, jabu ndi kulewa. Nde anzanu a ku jimu aja asakutsitseni. Komabe funso lanu ndi lomveka, chifukwa munthu wa mapointi akamamenyera kwa eni ake fayiti ikakhala ya pafupipafupi majaji kawirikawiri sapendekera kwa mlendo, ndipo mnzako akadziwa kuti sumupweteka amangolowa mmene akufunira. Simukufunika kukomola aliyense, mukufunika dzanja loti mnzanu azilipatsa ulemu.

Tsopano za zitini za simenti. Sindikuletsani, koma mmene anyamata amazinyamulira, kupinda mkono kuti nyama ya kutsogoloyi itupe, ku nkhonya sizionjezera kanthu kwenikweni, pena zimangomanga mapewa. Akatswiri a masewero a ku Soviet Union mma 1980 anayeza komwe mphamvu ya nkhonya yowongoka imachokera, anapeza kuti kwa ankhonya okhwima gawo loposa limodzi mwa atatu limachokera ku miyendo, lina lofanana nalo mchiuno ndi msana, mkono nkukhala ndi gawo laling'ono, pomwe ongoyamba kumene amadalira mkono. Munaonapo mdala woonda akuwaza nkhuni, nkhwangwa amaigwira momasuka, amaisiya igwe ndi thupi lonse, chipika nkung'ambika kamodzi, pomwe mnyamata wa minofu walimbitsa manja kuyambira pamwamba akungoidinda nkutopa. Dzanja lamanja limayenda choncho.

Choyamba kuchita, mnzanu akujambuleni ndi foni mukumenya bagi komanso pa sparring, poyeserera ndi mnzanu paja, ajambule kuyambira mchiuno kutsika, nkhope musaione. Yang'anani phazi lakumbuyo pa nthawi imene lamanja likufika. Mwa anyamata a mapointi amene ndimawaona, ambiri phazi limenelo limakhala lili mmwamba kapena layamba kale kubwerera, pena chidendene chili phwa pansi osatembenuka, bondo lowongoka ngati munthu waima pa mzere wa kuchigayo. Likuyenera kukankha pansi ndi kutsogolo kwa phazi, chidendene chitembenukire kunja, bondo lilowe mkati, chiuno chitsogole, phewa litsatire, chibakera chibwere pomaliza. Mawondo akhale opinda pang'ono ngati mukufuna kukhala pa mpando wautali. Chibakera musachifumbate kuyambira pa tsaya, chikhale chomasuka mpaka pofika penipenipo mpamene muchimange nkutulutsa mpweya, ndipo muziloza kuseri kwa chimene mukumenya, osathera pa khungu la bagi. Mukamaliza musadumphe kuthawa nthawi yomweyo, bwezani dzanja pa tsaya, sunthani mutu, mapazi akhale pomwepo kamphindi kuti lachiwiri lipeze poyambira. Kamphindi kameneko ndi kamene kamavuta kwa munthu wozolowera kuthawa, thupi limakana, zimatenga miyezi kuti livomere.

Pa bagi musiyanitse masiku. Ma raundi oponya zambirimbiri aja ndi a mpweya, apitirize, koma pakhale nthawi ina yoti muponye ziwiri kapena zitatu zokha ndi mphamvu zonse, nkuyenda pang'ono, kupuma, nkubwereza, ndipo muzichita zimenezi koyambirira thupi lisanatope. Mukangoona kuti sipidi yatsika siyani, kupitiriza pamenepo mukuphunzitsa thupi kumenya mochedwa. Bagi yakenso muione. Ya mchenga wokhawokha ija imagwirana pansi nkuuma gwa makamaka nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi kunoko, ndipo imathyola timafupa ta kuseri kwa dzanja. Ikani nsanza zodulidwa ndi utuchi, utuchi kuno susowa kwa ocheka matabwa, mchenga ukhale pang'ono mkati mwa kathumba pakati. Mabandeji muzimanga nthawi zonse olo mukungoyesa. Paulie Malignaggi anawina ma fayiti 36 koma ma nokauti 7 okha, ndipo mbali yaikulu inali yoti dzanja lake lamanja linkathyokathyoka. Munthu amene dzanja limamuwawa amabweza nkhonya asanaimalize osadziwa nkomwe kuti akutero, nde ngati lanu limawawa mukamenya molimba mwina vuto lanu lonse lili pamenepo, pitani akalione kuchipatala.

Za miyendo muli ndi mwayi chifukwa ku Lizulu zitunda sizisowa. Kuthamanga mtunda wautali mmbali mwa M1 mmamawa ndi kwabwino pa mpweya, koma sikupereka mphamvu yophulika. Pezani chitunda, thamangani chokwera ndi liwiro lonse masekondi 8 mpaka 10, tsikani choyenda, pumani mokwanira, bwerezani kangapo, kawiri pa sabata. Kudumpha kuchoka chonjuta kupita kutsogolo, kudumphira pa chinthu chokwera. Tengani mpira wakutha mudzaze mchenga makilo 3 kapena 4, musoke, muziuponya ku khoma la njerwa kuchokera mchiuno mutaima ngati mukumenya nkhonya, mbali zonse ziwiri. Zitini za simenti zija zigwire ntchito pa masikwati ndi kunyamula kuchoka pansi msana uli wowongoka, zolemera, maulendo ochepa, osati mpaka kugwa nazo. Khosi nalonso mulimbitse, popeza mwasankha kuima pafupi ndi moto.

Ndiye pa mapadi, aja kochi wanu amavala mmanja kuti muzimenya, mupemphe kuti azikuponyerani nkhonya inu nkumayankha pa nthawi yomweyo, iye jabu inu kulewa nkudutsitsa lamanja pamwamba pake, iye lamanja inu kuweramira kumanzere nkubwera ndi huku. Chinthu chimodzi chomwecho masabata angapo mpaka thupi lizichita lokha. Ndipo musaiwale mthupi. Chiwindi chili kumanja kwa mnzanu pansi pa nthiti zomaliza, chimafikiridwa ndi huku yanu ya kumanzere, ndipo malo amenewo safuna dzanja la Foreman, amafuna kulondola. Munthu womenyedwa pachiwindi amakhala ali maso bwinobwino, akumva refa akuwerenga, koma miyendo imakana kudzuka. Kwa munthu wa sitayilo yanu njira yachidule yopezera nokauti yoyamba ndi imeneyi.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, musakayese dzanja latsopanoli pa mitu ya anzanu ku sparring. Ndaonapo anyamata abwino akuonongana mu jimu yopanda dokotala, opanda zoteteza kumutu, chifukwa wina akufuna atsimikize kuti ali ndi mphamvu. Mphamvu zonse ndi za bagi ndi mapadi, pa sparring muziyesa nthawi yoponyera ndi mapazi, mopepuka. Aliyense amene wakomoka kapena wachita chizungulire ndi nkhonya ya kumutu apume osachepera masiku 30 osalandira nkhonya, ndipo ngati mutu ukuwawabe, akusanza kapena akuiwalaiwala, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Majakisoni ndi mapilitsi okulitsa thupi amene amayenda mmatumba mwa anthu aja musawakhudze, amaononga chiwindi ndi mtima, ndipo mukadzapita kukamenya kunja akakuyezani muletsedwa.

Musayembekezere kuti fayiti yotsatira munthu agwa. Zizindikiro zoyamba zimakhala zing'onozing'ono, mnzanu amene amalowa momasuka ayamba kuganiza kaye asanalowe, jabu yanu ikafika mutu wake ubwerera, ayamba kukugwirani pafupipafupi, refa ayamba kumuyang'anitsitsa. Mukamumenya mthupi kangapo muziyang'ana chigongono chake chakumanja, mukaona chatsika kukaphimba nthiti ndiye kuti tsaya la mbali imeneyo latseguka, huku yomwe ija muikweze kumutu osasintha kaimidwe ka mapazi.